Apongozi Anga Amene Anandilanda Mwana pa Bere

Loweruka lapitali tinakavundukula mwala pa manda a apongozi anga, a Belita Zulu, amene Kafue yense ankawadziwa kuti Amake Lameki. Patha chaka chimwalirire. Abusa polalikira anati malemuwa anali mayi wofatsa ndi wokonda mtendere, ndipo amayi a kumsika amene anaima kumbuyo kwanga anayamba kutsokomolera m'zitenje kuti asaseke. Ine zinandipsetsa mtima. Munthu wamenya anthu zaka makumi anayi ndi manja ake, ndiye pamapeto pake mum'namizire kufatsa? Ndili moyo lero, ndi bere limodzi ndi ana awiri, chifukwa cha ukali womwewo umene abusa anaubisa. Ndiye ndati ndiwabwezere ukali wawo papepala pano.

Anachokera ku Katete ali mtsikana, kutsatira mwamuna amene anapeza ntchito ya njanji. Mwamunayo atamwalira, iwo sanabwerere kumudzi. Anagula beseni ndi mpeni, n'kuyamba kupita ku Chanyanya m'mamawa kukagula mpende ndi milamba kwa asodzi, kubwera nazo kumsika wa m'tauni. Anali wamfupi, wa khosi lonenepa, ndipo mawu awo ankamveka kuchokera pa mzere wa nsomba mpaka kumene amagulitsa makala. Fodya wa mphuno ankamusunga m'kabotolo ka mankhwala komangirira pakona ya chitenje. Akayamba kumasula kabotoloko pang'onopang'ono uku akukuyang'ana, anthu owadziwa ankasuntha ana awo.

Msodzi wina anawaikira nsomba zazikulu pamwamba, zovunda pansi. Tsiku lotsatira anam'pititsira beseni lomwelo n'kum'vundikira nalo kumutu, kenaka n'kumaliomba ndi nkhafi ya bwato lake lomwe. Pa siteshoni ya mabasi panali Bonifasi, bambo wandevu zake amene ankaitanira anthu m'mabasi. Uyu tsiku lina anaponda m'beseni lawo pokweza katundu, ndipo m'malo mopepesa anaseka. Anam'kwapula kumaso ndi mlamba wauwisi anzake onse akuona, magazi n'kutuluka m'mphuno. Kwa zaka zambiri anzakewo ankam'nunkhiza kumasaya akamadutsa, ndipo iye sanaiwale.

Ankakonda kunena kuti munthu wokulankhula mokunyengerera ndiye kuti ali ndi choti akugulitse. Za kulira ankati palibe cholakwika, bola manja azigwira ntchito misozi ikutsika. Kutchalitchi ankapita, koma ankakhala pa benchi ya kumapeto kuti ulaliki ukatalika atuluke.

Ine sanandikonde poyamba, ndipo sindikudziwa ngati anadzandikondapo. Ndinkagwira ntchito m'shopu ya zovala, zikhadabo zopaka utoto. Tsiku limene Lameki anandipititsa kwawo, anandipatsa nsomba kuti ndipale. Ndisanamalize mbali imodzi anailanda, n'kufunsa mwana wawo ngati akufuna kukwatira kapena kulera. Komabe, pa zaka zonse zimene tinakangana, za mchere, za matewera, za dzina la mwana, sananditchulepo kuti iwe. Ndinali Amake Tamara, ndipo ndinali imwe, ngakhale pamene ankanditukwana.

Miyezi imene ndinkalandira mankhwala a m'diripi ku chipatala chachikulu cha ku Lusaka, ankandiperekeza iwo. Tsiku lina pa benchi yodikirira panali mayi wina, woperekeza mnzake, amene anayamba kufotokoza mmene mchemwali wake anafera atangom'dula bere. Anafotokoza bwinobwino, mpaka fungo la bala. Ife odwala aliyense ankangoyang'ana mapazi ake. Apongozi anaimirira, anatenga chikwama cha mayi uja, anapita nacho pakhomo n'kuchiponya pabwalo.

“Kalondeni chola chanu,” anatero. “Mukachipeza, nkhalani kwamene kuja. Pano tabwela kupola.”

Mlonda anabwera, anawayang'ana kumaso, n'kubwerera pampando wake. Koma apa ndadumpha. Kuti ndifike pa benchi imeneyo panachitika zina, ndipo zimenezo ndi zimene ndikufuna kunena.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Tamara anali ndi zaka zinayi, Dalitso miyezi isanu ndi inayi, akuyamwa. Kachotupa ka m'bere la kumanzere ndinkakayesa mkaka wouma, ndipo ndinkakathowa ndi nsalu yofunda. Sikanasungunuke. Ku kiliniki ananditumiza ku Lusaka, kumeneko anandibaya singano n'kutenga kanyama, ndipo patapita masabata dokotala wachizimayi anandiuza kuti ndi khansa. Anati ayamba ndi mankhwala, kenaka achotsa bere. Anati chinthu choyamba ndisiyitse mwana kuyamwa, chifukwa mankhwalawo amalowa mumkaka. Anandilembera tsiku loti ndibwere.

Mantha ake sanali mmene ndinkaganizira. Sindinalire m'basi. Ndinafika kunyumba ku Estates n'kuchapa makatani onse. Ndikamamanga tsitsi la Tamara ndinkadzifunsa kuti chaka chamawa adzam'manga ndani. Ndikaona mkazi aliyense akupereka moni kwa Lameki, ndinkamuyeza ngati angamenye ana anga. Ndinam'lumbiritsa Lameki kuti asauze munthu, chifukwa ku Estates akangomva, amayamba kubwera kudzakuona ndi nkhope za pamaliro. Dzina la matendawo sitinkalitchula m'nyumba. Tinkangoti zija.

Malo amodzi okha ndi amene mantha ankandisiya: Dalitso akakhala pa bere la kumanja, akuyamwa, kadzanja kake kakusewera ndi kolala yanga. Pamenepo ndinali mayi woyamwitsa basi, osati wodwala. Ndiye ndinayamba kunena kuti mwana sanakonzeke. Akukana phala. Ali ndi chimfine. Akumera mano. Lameki ndi munthu wofewa, monga amakhalira ana ambiri oleredwa ndi mayi waukali, ndipo ankangovomera. Tsiku la kuchipatala linafika n'kudutsa. Anandiimbira foni n'kundipatsa lina, nalonso linadutsa. Chotupa chinakula mpaka khungu linayamba kukwinyika, ine ndikubisala kuseri kwa mwana wa miyezi khumi ndi umodzi.

Lameki anapirira mwezi ndi theka, kenaka anapita kumsika n'kukaulula kwa amayi ake.

Anafika Lachitatu masana dzuwa lili pamutu, mamba a nsomba ali m'mikono, osagogoda. Tamara anali kusukulu ya mkaka. Ine ndinali pampando ndikuyamwitsa. Lameki anaima pakhomo kumbuyo kwawo, akuyang'ana pansi.

“Amake Tamara, nipaseni mwana.”

“Akali kunyonka, amai.”

“Naona. Nipaseni.”

“Sanayambe kudya bwino phala. Mwina sabata ya mawa...”

“Madeti yabili mwataya. Mufuna bakamuchose pa bele mutazizila kudala?”

Anam'gwira m'khwapa n'kukoka. Bere linatuluka m'kamwa mwa mwana, mkaka n'kuthovokera pankhope pake, ndipo anayamba kukuwa. Ndinagwira dzanja lawo n'kuliluma. Mpaka lero ndimakumbukira kukoma kwake, nsomba ndi fodya ndi magazi. Anandiomba mbama ndi dzanja linalo, ndinagwera pa kabati ya mbale, galasi n'kusweka. Lameki anati alowerere.

“Amai, mwamupweteka...”

“Iwe fumapo,” anatero, n'kum'gunda ndi chigongono pachifuwa. “Mwezi wonse uyang'ana chabe mukazi wako akufa monga utamba bola pa TV.”

Anam'bereka Dalitso kumbuyo, anamanga chitenje mfundo ziwiri, n'kutuluka. Kwathu mwana akamasiyitsidwa bere amapita kwa agogo ake, zimenezo ndinkazidziwa. Koma tsiku limenelo mutu wanga unandiuza china: andiwerengera kale kwa akufa, ayamba kugawana ana. Ndinadzuka, opanda nsapato, bulauzi yonyowa ndi mkaka, tsaya lotupa, dzanja lochekedwa ndi galasi. Basi imene anakwera inandisiya. Ndinakwera yotsatira.

Ndinawapeza m'tauni, pamene pamaima magalimoto a ku Chanyanya, akukankhana ndi anthu kuti akwere. Ndinaona kamutu ka Dalitso kakugwedezeka pamsana pawo. Ndiyeno ndinakuwa.

“Kawalala! Banibela mwana! Kawalala wa mwana!”

Sindinganame kuti sindinkadziwa zimene mawu amenewo amachita pa siteshoni. Ndinakulira m'tauni muno. Ndinaonapo munthu atagona mu ngalande chifukwa cha foni imodzi. Ndinkadziwa, ndipo ndinakuwabe, chifukwa ndinkafuna mwana wanga pa bere kuposa china chilichonse.

Woyamba kufika anali Bonifasi. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti mayiyo ndi ndani ndiponso kuti mwanayo ndi mdzukulu wawo. Anawakoka pa chitseko cha galimoto n'kuwagwetsa, akukuwa kuti wagwira mfiti yoba ana. Enawo anali apaulendo ndi ogulitsa m'mabasi, ndipo chimene anaona ndi mayi wachitsikana wamagazi, mkaka ukuchucha, akuloza nkhalamba. Sanafunenso umboni wina.

Ndinaona apongozi akuchita chinthu chimodzi mwachangu. Anazunguliza chitenje, mwana n'kubwera kumimba, anagwada, anaika chipumi pansi n'kumuphimba ndi thupi lonse. Mkono wa kumanja anaukulunga pamutu pake. Mayi amene anamenyapo theka la siteshoni imeneyo sanabweze ngakhale chibakera chimodzi, chifukwa manja onse anali pa mwana. Anawaponda m'nthiti. Wina anawamenya ndi lamba. Bonifasi anatenga thabwa la pa wilibala n'kumenya nalo pamkono paja, ndipo phokoso lake linamveka ngati nkhuni youma ikuthyoka.

“Ni muzukulu wanga,” ananena kamodzi kokha, koma ndani akanamva?

Akanatha kudzipulumutsa. Mawu awo ankafika kumene amagulitsa makala. Akanangokuwa kuti mtsikanayu ali ndi khansa, akuthawa chipatala, anthu akanaima. Sananene. Anatembenuza nkhope, tsaya lili pa dothi, n'kundiyang'ana kudzera pakati pa miyendo ya anthu. Ankadikira.

Wina anaitanitsa tayala ndi petulo. Pamenepo m'pamene ndinadzidzimuka n'kuyamba kukankha anthu.

“Lekani! Ni apongozi banga!”

Mayi wina wonenepa anandigwira m'chiuno mwachifundo. “Osayopa mami, tizakubwezela mwana wako. Apongozi ndiye bamene bamachita so.”

“Lekani, sibanalakwe!”

“Nanga bamutengela chani mwana?” anafunsa bambo amene anali ndi lamba.

Panalibenso pobisala. Ndinaona mnyamata akugubuduza tayala kuchokera kwa okonza mapanchala.

“Nili na kansa,” ndinatero, koma mawu sanatuluke bwino, ndiye ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse. “Nili na kansa ya bele! Ba dokota banakamba nileke kunyonsha, ine nakana! Bamutenga kuti niyende ku chipatala!”

Aka kanali koyamba kuti dzinalo lituluke pakamwa panga, ndipo linatuluka pamaso pa siteshoni yonse. Mayi uja anandisiya m'chiuno n'kupukuta manja pa chitenje chake. Bambo wa lamba anayamba kulibwezera m'thalauza. Nthawi yomweyo amayi a mzere wa nsomba anafika akuthamanga, mipeni yopalira ili m'manja, ndipo Bonifasi anazemba kuseri kwa mabasi. Sanaonekenso mu Kafue kwa miyezi ingapo.

Apongozi anadzuka okha, anakana kugwiridwa. Analavula magazi ndi mano awiri. Mkono wa kumanja unkangolendewera. Dalitso ankakuwa, wodzaza fumbi, koma analibe ngakhale kachilonda. Ndinatambasula manja kuti ndim'tenge, iwo anabwerera m'mbuyo.

“Mwakamba manje,” anatero. “Mwafa?”

“Iyai, amai.”

“Mailo mukwela basi ya ku Lusaka.”

Anauza mnzawo wina kuti awamangire mwana kumsana, popeza okha sakanatha. Anthu anawachonderera kuti apite kaye kuchipatala. Anakana, chifukwa ankadziwa kuti akangogonekedwa, mwana abwerera kwa ine ndipo ine ndim'bwezera pa bere. Anakwera galimoto ya ku Chanyanya, kwa mng'ono wawo. Kumeneko wina anawamanga mkonowo ndi mabango. Pamene ankapita kuchipatala patatha milungu iwiri, fupa linali litagwirana kale mokhota, ndipo mkonowo sunakwerenso kupitirira m'chiuno.

Ine m'mawa mwake ndinakwera basi, mabere olimba ngati miyala, masamba a kabichi m'kamisolo kuti achepetse ululu. Sindinganene kuti mantha anatha. Ndinkaopa singano iliyonse, ndipo mpaka pano ndikapita kukapimidwa sindidya. Koma anasiya kukhala chinsinsi choti ndizichilondera. Kafue yense ankadziwa. Ena ankandithawa pamsewu, ena ankabwera ndi nkhope zija za pamaliro, koma panalinso mayi wina wa ku Estates amene sindinkalankhula naye, amene anabwera n'kundionetsa chipsera chake cha zaka khumi.

Anam'bweza Dalitso patapita miyezi iwiri. Tsitsi langa linali litathothoka lonse, zikhadabo zitada, thupi likununkha mankhwala. Anamuika pansi pabalaza. Ndinagwada n'kumuitana. Anandiyang'ana, anakuwa, n'kukwawira kwa agogo ake kukabisa nkhope m'chitenje chawo. Chimene ndinkachiopa kwambiri chinandichitikira ndili moyo: mwana wanga sanandidziwe. Ndinalira mokweza ngati pamaliro.

Apongozi anayang'ana ine, anayang'ana mwana. Kenaka anam'kalipira ndi mawu aja a kumsika.

“Choka apa iwe!”

Mwana anadabwa, n'kugwiritsitsa mwendo wawo. Anam'kankha ndi phazi. Anabwereranso, anam'menya kambama pantchafu. Anabwerera kachitatu, kachinayi, akulira, manja ali m'mwamba kuti am'nyamule munthu amene anagona naye miyezi iwiri, amene anam'tafunira nsomba ndi mano otsalawo. Nthawi iliyonse ankakumana ndi phazi ndi mkuwo. Pamapeto pake anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti m'chipindamo mwatsala munthu mmodzi yekha wotambasula manja. Anabwera kwa ine. Apongozi anatuluka osatsanzika. Pawindo ndinawaona ataima kuseri kwa nyumba, chipumi atatsamiritsa pakhoma, mapewa akugwedezeka.

Kuyambira tsiku limenelo sanam'nyamulenso, ndipo sanam'sekererepo. Tamara ankam'patsa nsomba yokazinga, Dalitso ankam'patsa mkuwo. Ndinachitidwa opaleshoni, tsitsi linamera, ndinabwerera ku shopu, iwo osasintha. Mwanayo ali ndi zaka zinayi ndinawauza kuti zakwana.

“Akagwa, athabila kuli ndani?” anafunsa.

“Kuli ine.”

“Ndiye vamene.”

Ndikuganiza kuti nawonso anali ndi mantha awo: kuti akangofewa, ndiye kuti avomera kudzalera mwanayo m'malo mwanga. Sanandiuzepo, ndi maganizo anga chabe. Kupepesa ndinayesa kamodzi, kumsika. Ndinangoyamba kuti amai, za tsiku lija, iwo n'kundidula. Anafunsa ngati ndabwera kudzagula kapena kudzalira, chifukwa kumbuyo kwanga kuli anthu.

Apongozi anagwa ali m'kati mokangana ndi wogulitsa ayisi, masana, chala chili m'mwamba. Anamwalira patapita masiku awiri osalankhulanso. Pamaliro Tamara analira mpaka kukomoka. Dalitso, wa zaka zisanu ndi ziwiri, sanagwetse msozi. Anandinong'oneza kuti ambuya anali kumuzonda, kutanthauza kuti agogo akewo ankadana naye, ndipo ine ndinangomuuza kuti akhale chete.

Loweruka lapitali, pochokera kukavundukula mwala, ndinadutsa naye kumsika. Pa mzere wa nsomba matebulo onse amafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, kupatula limodzi. Apongozi atabwerako ku Chanyanya anaitana kalipentala kuti alidule miyendo, kuti mkono wokhota uja uzitha kupanikiza nsomba pamene wa kumanzere ukuphunzira kupala. Lilipobe, pakati pa awiri aatali. Mayi wina analitenga chaka chatha, koma anangokhalapo masiku atatu, msana unam'pweteka, ndipo palibenso amene walifuna. M'ming'alu mwake mudakali mamba ouma. Kumanzere thabwa linakumbika ndi mpeni, kumanja kuli malo osalala pamene chigongono chinkatsamira.

Dalitso anaima patali pang'ono, monga ankachitira kale, kenaka anayandikira n'kuikapo manja.

“Mami, ni chifukwa chani tebulo ya ambuya ni ifupi so?”

Amayi a mbali zonse ziwiri anasiya kupala nsomba.

“Ndine ninalengesa,” ndinatero. “Ine na iwe. Nkhala apa, nikuuze.”

Anayang'ana kaye kuseri kwa tebulo, pamene pankakhala chitini chimene agogo ake ankakhalira. Panali dothi lokhalokha ndi ntchentche. Anakwera n'kukhala pa thabwa lopalira nsomba ndi thalauza lake la kutchalitchi, ndipo panalibe wom'kalipira kuti atsike.